Za Nyimbo za Anyamata a ku Lilongwe

Ife a ku Mchinji tikhala pakati pa mizinda iwiri, Lilongwe kum'mawa ndi Chipata kumadzulo. Ndipo msewu umene utengera mtedza wathu kumzinda ndiwonso utibweretsera nyimbo zimene ana athu aziimba pa Kamwendo ndi pa Kapiri. Mwa izo muli zotchedwa hip-hop, m'mene mnyamata alankhula msangamsanga motsata ng'oma. Akulu ambiri angoti ndi phokoso. Koma tiyambe tazimva, abale, pakuti mlandu sauweruza usanakambidwe.

Maimbidwe awa anabadwira ku Bronx, mumzinda wa New York, m'chaka cha 1973, pakati pa anthu akuda osauka amene anafuna kunena za kwao. Atafika kuno, anyamata athu anayamba ndi kutsanzira, natchula m'Chingerezi misewu imene sanaipondepo. Lilongwe, amene anakhala likulu m'chaka cha 1975 nadzala ndi anthu obwera, anamveka mau akeake pamene oimba ake anacheukira kumudzi. Tay Grin anadzitcha Nyau King, naonetsa zilombo za Gule Wamkulu m'zithunzi za nyimbo zake. Ndipo m'chaka cha 2016 anatulutsa Chipapapa pamodzi ndi 2Baba wa ku Nigeria, nyimbo yotengedwa ku masewero a ana oomba m'manja. Pamenepo tiyamika, pakuti mlendo wakumva adziwa kuti mzindawo uli m'dziko la Achewa.

Komabe tili ndi dandaulo. Ife a mumpingo tili ndi mlandu wathu ndi dambwe, ndipo sitiubisa. Koma ngakhale wotsutsa avomera kuti gule pabwalo sangovina chabe: adzudzula waulesi, woledzera ndi mwamuna wosasamala banja. Oimba ambiri a mumzinda atola nthenga ndi ng'oma, nasiya chilangizo, nangotama galimoto ndi ndalama zimene omvera ao alibe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono inu anyamata a kuno kumalire, musabwereke pakamwa pa Lilongwe monga iye anabwereka pa New York. Imbani za vyenda wogula mtedza ndi sikelo yonyenga, za wakabaza wosenza katundu ku Mwami, za mlongo wanu wokwatiwa tsidya la malire amene alankhula chinenero chomwechi. Mukatero, ifenso akulu tidzatchera khutu.