Kulemba m'nyumba ya lendi

Mukamva kuti buku latsopano la Star Wars lili m'njira, musatengeke ndi chikuto. Likafika, onani tsamba lonena za mwini wake: mudzapeza Lucasfilm, osati wolemba. Wolembayo amachita kuitanidwa n'kupatsidwa malire a nkhani. Ali ngati ife a m'komboni: chipinda ungachipente bwanji, nyumba ndi ya alandilodi.

Timothy Zahn anapenta bwino. Mu 1991 buku lake Heir to the Empire linatipatsa Thrawn, mkulu wa asilikali amene amaphunzira zojambula za adani ake kuti adziwe mowagonjetsera. Kwa ine iyeyu amaopsa kuposa Darth Vader, chifukwa chida chake ndi mutu. Koma Disney inagula Lucasfilm mu 2012, ndipo mu 2014 mabuku akalewo anakankhidwira pambali n'kutchedwa Legends. Thrawn anamutola n'kumubweza m'katuni ya Rebels mu 2016.

Chimene chimandiwawa ndi imfa yobwereka. R. A. Salvatore analoledwa kupha Chewbacca mu Vector Prime mu 1999, owerenga nakhuza maliro. Mu filimu ya 2015, uyo Chewbacca ali moyo, mfuti m'manja.