G13 ndi Waya Umodzi wa ku Nkhata Bay

Oimba gitala a pakoleji pano agwidwa ndi nthenda yatsopano. Nyimbo iliyonse ya kumudzi akuiveka G9 kapena G13, ati imveke ya anthu ophunzira. Ine ndikutsutsa, koma tiyambe tamvana chimene tikukanganira.

Amene munaimbako kwaya ya manotsi mudziŵa so, ti, re. Imeneyo ndiyo chord ya dominant. Mukasanjikapo fa, mu kiyi ya C, mwapeza G7. Ti ndi fa samwerana madzi: ti afuna kukwera ku do, fa afuna kutsikira ku mi, ndipo khutu silikhazikika kufikira zitatero. Pitirizani kusanjika modumpha notsi imodzi: la ndiye 9, do ndiye 11, mi ndiye 13. Apa manotsi onse 7 ali m'chord imodzi, chikhalirecho gitala ali ndi nsambo 6 zokha. Nchifukwa chake a jazz amataya re, nkutayanso do popeza amakhulana ndi ti. Kaŵirikaŵiri chotsala ndi so, fa, ti, mi. Ntchito ya zonsezi ndi imodzi, kukulitsa njala ya kubwerera ku do.

Tsono mverani Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, mwini chimbale cha Abale Ndikuwuzeni cha 2015. Babatoni wake ali ndi waya umodzi, amaumenya ndi kamtengo, botolo likutsetsereka pamwamba, phazi lili pa ng'oma. Manotsi aŵiri sangalire pamodzi. Kamzere kake nkakafupi, kamangobwerezabwereza monga misi iŵiri mumtondo umodzi. Kwa ine nyimbo yotere siili paulendo wofuna kukafika kwawo. So ndi poponda chabe pozungulira. Mukaikapo G13 mwailonjeza mathero amene siinapemphe. Ndiponso botolo limadutsa m'manotsi a pakati, amene zala zinayi zomangika pa gitala sizingawatsate.

Sindikuti chord zimenezi nzachilendo kwa ife. Malemu Wambali Mkandaŵire, pa Zani Muwone ya 2002, anaphatikiza jazz ndi nyimbo za Chitumbuka, ndipo zinakoma, chifukwa anayamba wamanganso nyimbo yonse kuti chord zipeze malo. Anzathuŵa samanga kanthu. Amangosintha G7 kukhala G13 pa malo omwewo, woimba ali pa fa, gitala akulira mi pansi pake, iwo maso ali tsinzi ngati zikukoma.