Kusandutsa Zolemba za LaTeX Kukhala Masamba a pa Intaneti: Zimene Zimatayika Panjira

Akatswiri ambiri a masamu ndi a zinenero amakonza zolemba zawo ndi LaTeX, dongosolo limene Leslie Lamport anamanga pa TeX, pulogalamu yokonzera mabuku imene Donald Knuth anatulutsa mu 1978. Mu Disembala 2023, nkhokwe ya zolemba za sayansi yotchedwa arXiv inayamba kusandutsa zolemba zotere kukhala masamba a HTML pogwiritsa ntchito LaTeXML, pulogalamu ya Bruce Miller. Cholinga chake n'chotamandika, pakuti anthu osaona amene amadalira makina owawerengera mokweza amavutika ndi PDF. Chimene pepala lino likutsutsa ndi muyeso umene ntchito yamtunduwu imayesedwera.

Muyesowo ndi wa masamu. LaTeX2HTML ya Nikos Drakos, ya mu 1993, inkasandutsa masamu kukhala zithunzi. LaTeXML imawalemba mu MathML, ndipo apa zinthu zapitadi patsogolo. Koma chitsanzo cha katswiri wa zinenero chili ndi kamangidwe kakekake: mzere wa mawu, pansi pake matanthauzo a tizigawo ta mawuwo, kenaka kumasulira. TeX imangosamala za malo a chilembo pa pepala. Sidziwa kuti liwu lapamwamba ndi tanthauzo lapansi pake n'zomangirirana. Pulogalamu yosandutsa ikakumana ndi lamulo losalidziwa, ubale umenewu umasokonezeka.

Choopsa kwambiri ndi cholakwa chosaoneka. Mu TIPA, dongosolo la Rei Fukui lolembera zilembo za katchulidwe mu LaTeX, chilembo cha ŋ chimatayipidwa ngati N wamkulu. Tsono pulogalamu yosadziwa TIPA ingathe kusandutsa [ŋombe], katchulidwe ka liwu lakuti ng'ombe, kukhala [Nombe]. Pakuti akatswiri a zinenero za Chibantu amalemba N poimira mphatikiram'mbuyo wa m'mphuno wa gulu 9 la mayina, wowerenga sangakayike. Adzangokopera cholakwacho m'buku lake. Chimodzimodzi, kachizindikiro ka kamvekedwe kakagwa, mténgo wa m'nkhalango umasanduka mtengo wa pamsika.

Choncho okonza ndondomeko za zinenero asakhutire ndi tsamba looneka laudongo. Olemba azitayipa zilembo zotere mwachindunji mu Unicode, monga XeLaTeX ndi LuaLaTeX zimalolera, ndipo chitsanzo chilichonse chiziwerengedwa ndi munthu wodziwa chinenerocho tsambalo lisanafalitsidwe.