Kafukufuku wa PURE: vuto ndi nsima kapena umphawi?

Kafukufuku wa PURE, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu The Lancet mu 2017, anatsata anthu 135,335 a zaka 35 mpaka 70 m'mayiko 18 kwa zaka pafupifupi 7. Anapeza kuti omwe ankadalira kwambiri ma carbohydrate, monga sitachi ndi shuga, anali ndi chiopsezo cha imfa chokwera ndi 28 peresenti poyerekeza ndi omwe ankadya ochepa.

Ofufuzawa ngoyamikirika poti sanathere ku Ulaya. Anafikanso ku Zimbabwe ndi South Africa, komwe chimanga ndicho chakudya cha tsiku ndi tsiku.

Chovuta chili pomasulira zotsatirazo. Munthu amene mbale yake imadzadza ndi nsima kapena mpunga wokhawokha nthawi zambiri sanachite kusankha. Alibe ndalama ya ndiwo. Yemweyo ndi amene amakhala kutali ndi chipatala ndipo amachedwa kulandira chithandizo. Ofufuza anayesa kuchotsera mbali ya maphunziro ndi chuma powerengera, koma umphawi suchoka wonse ndi masamu. N'zochititsanso chidwi kuti ma carbohydrate sanagwirizane ndi matenda a mtima, koma ndi imfa zonse pamodzi. Komanso zakudyazo sizinayezedwe pa sikelo: anthu ankangoyankha mafunso pokumbukira zomwe amadya.

Choncho kafukufukuyu sakupereka chifukwa chouzira odwala kuti asiye nsima. Wazaumoyo kumudzi ayambe wafunsa za ndiwo: kodi pakhomopo pamapezeka nyemba, usipa, nsinjiro kapena dzira, ndipo kangati pa sabata?