Ndime ya Tennyson ndi Maliro a Hallam

Arthur Henry Hallam adamwalira mwadzidzidzi ku Vienna m'chaka cha 1833 ali ndi zaka 22, msinkhu wa ambiri a ife. Bwenzi lake la ku Cambridge, Alfred Tennyson, adamulira zaka 17 asanatulutse In Memoriam mu 1850. Powerenga ndakatuloyi timakonda kuthamangira mkangano wa chikhulupiriro ndi sayansi. Ine ndikuti chisoni chenicheni chagona m'kamangidwe ka ndime.

Ndime iliyonse ili ndi mizere inayi. Mzere uliwonse uli ndi maphatikizo 8, lopepuka patsogolo lolemera pambuyo, kugunda kanayi ngati munsi wa mayi wosinja yekha. Tsono tamverani kumapeto kwa mizere. Woyamba umamveka mofanana ndi wachinayi, pomwe wachiwiri ndi wachitatu ikugwirizana yokha pakati. Khutu likamva iwiri yapakatiyo limayesa nkhani yatha, mtima nkukhala pansi. Kenaka wachinayi umadzutsa liwu lija tidalisiya koyambirira, titatsala pang'ono kuliyiwala. Wayenda mizere inayi koma wafika pomwe udanyamukira. Amene adachezerapo pa siwa akudziwa: kulira kumazilala, wachibale wina nkutulukira, nkuyambiranso.

Tennyson sadasinthe kamangidweka m'zigawo zonse 131, ngakhale m'mawu otsegulira ndi otsekera, ndipo apa mpomwe ndikusiyana naye maganizo. Ndakatuloyi imatha ndi ukwati wa mlongo wake Cecilia, mlakatuli nkumafuna tikhulupirire kuti watonthola. Komatu ukwatiwo akuuvinira ng'oma yomwe ija ya maliro. Mawu akuti misozi yauma, ndime ikucheukabe m'mbuyo. Ine ndikhulupirira ndime. (Tivomerezenso kuti kagundidwe kosasinthaka kamagonetsa, chapakati penapake ndidawodzerapo.)

Anzathu olemba ndakatulo za maliro m'Chichewa asatengere ndimeyi mmene ilili. Mawu athu amathera ndi lembo la liwu, ndipo malembowo alipo asanu okha, choncho mizere imafanana mathero ngakhale mlakatuli asanakhetse thukuta. Khutu lathu silidabwa kumva "a" akubwereza "a". Chinanso, ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pomwe mzere wa Tennyson umagwera pa lomaliza. Wofuna kubwerera kuja m'chiyankhulo chathu angayese kubwereza liwu lathunthu, kapena dzina la malemuyo, potsegula ndi potseka ndime.