Chimfine chosatha: kuyeza magazi kokha sikokwanira ku Mua

Pali odwala omwe amayetsemula, kuyabwa m'mphuno ndi kutuluka mamina amadzimadzi chaka chonse, koma thupi osatentha. Madokotala amachitcha allergic rhinitis. Chimabwera thupi likamadana ndi tizilombo tosaoneka ta m'fumbi la m'nyumba, mphemvu kapena nkhungu. Ndondomeko ya ARIA ya 2001 imati chimfinechi ndi chokhalitsa ngati chivuta masiku oposa 4 pa sabata kwa masabata oposa 4.

Ofufuza angapo, makamaka a ku Turkey, alemba kuti magazi angathe kuonetsa kukula kwa vutoli. Iwo amawerenga maselo oyera otchedwa eosinophil, mlingo wa IgE, komanso kuyerekeza chiwerengero cha ma neutrophil ndi ma lymphocyte. Ganizoli ndi lokopa, chifukwa full blood count ndi yotchipa poyerekeza ndi kuyeza ziwengo pakhungu, komwe zipatala zambiri za kumudzi zilibe.

Koma kafukufukuyu anachitika komwe njoka zam'mimba ndi likodzo ndi zosowa. Ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka zinthu ndi zosiyana. Ana amasamba m'madambo ndi kunyanja, alimi a mpunga kusikimu ya Bwanje amatandala m'madzi momwe muli nkhono. Likodzo ndi njoka zimakweza ma eosinophil ndi IgE, kawirikawiri kuposa mmene chimfinechi chingakwezere. Malungo nawo amatsitsa ma lymphocyte ndi kukweza CRP. Choncho mwana wa ku Mtakataka akapezeka ndi ma eosinophil oposa 500 pa microlitre, zotsatirazo sizikunena ngati gwero lake ndi mphuno kapena chikhodzodzo.

Palinso umboni wa mu Africa momwe muno. Kafukufuku wa ku Gabon, wofalitsidwa mu The Lancet mu 2000, anapeza kuti ana okhala ndi likodzo sankaonetsa kwenikweni ziwengo za tizilombo ta m'fumbi akayezedwa pakhungu. Ndiye kuti njoka zimasokoneza mbali zonse: zimakweza manambala am'magazi uku zikuziziritsa ziwengo zenizenizo.

Kulakwitsa pano kuli ndi mtengo wake. Mwana wa likodzo angabwerere kwawo ndi Piriton m'malo mwa praziquantel, pomwe wa ziwengo amamwa amoxicillin mobwerezabwereza popanda phindu.

Wazaumoyo ayambe ndi mafunso: chimfinechi chatha nthawi yaitali bwanji, chimakula posesa kapena usiku pamphasa, amaphika ndi nkhuni m'nyumba, mkodzo uli ndi magazi? Ma eosinophil akakwera, ayeze mkodzo ndi chimbudzi asanagamule. Mamina otuluka mbali imodzi, onunkha kapena a magazi, atumizidwe kuchipatala cha Mua msanga.

Ofufuza ofuna kuyesa zizindikirozi kunyanja kuno ayenera kulemba za njoka, likodzo ndi malungo a aliyense wolowa m'kafukufuku. Popanda izi, manambala awo adzakhala akuyeza likodzo pomwe iwo akuganiza kuti akuyeza chimfine.