Msika wa Ogulitsa Awiri

Pamene lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA, chiyembekezo chinali chakuti mpikisano wa makampani udzatsitsa mtengo woimbira foni. TNM inalipo kuyambira 1995. Celtel, imene lero ndi Airtel, inafika mu 1999. Mpaka lero ogulitsa akuluakulu ndi awiri omwewo.

Mumsika wa Ndirande, wogulitsa tomato akakweza mtengo, wogula amangosunthira pa benchi lina. Nanga mayi wa ku Bangwe wofuna kuimbira makolo ake ku Mangochi asunthira kuti?

Mtumiki Muhammad (SAW) anakana kuika mitengo mumsika wa Madina, komabe analetsa kubisa katundu pofuna kuti adule. Ufulu wa wamalonda umayendera limodzi ndi ufulu wa wogula wosankha kogula. MACRA tiiyese ndi muyeso umenewu: ziphaso zimene yapereka zabala ogulitsa angati?